Maso ali bwino koma mwana sakuona: zochita pakhomo ndi kuchipatala

Pali ana amene dokotala akawayeza amanena kuti maso alibe vuto, koma inu kholo mukudziwa kuti mwanayu sakuona monga anzake. Mukamupatsa kapu amayang'ana kumbali kenako n'kuifufuza ndi dzanja. Amapunthwa pa mwala woti uli poyera. Pakhomo amakudziwani bwinobwino, koma mukapita kukamutenga ku Sande sukulu amangokudutsani mpaka mutalankhula. Wanga ndi mmodzi mwa ana otere. Ndi mtsikana, pano ali sitandade 2, ndipo zinayamba atadwala malungo a mu ubongo ali wamng'ono. Tikukhala ku Mchengautuwa mu mzinda wa Mzuzu, ndipo ndikulemba zimene zatithandiza kuti mayi kapena bambo wina asasowe poyambira.

Choyamba mumvetse chimene chikuchitika m'mutu mwa mwanayo. Diso limangotola chithunzi. Chimene chimatanthauzira kuti uyu ndi galu, iyi ndi ngalande, awa ndi agogo, ndi ubongo, makamaka mbali ya kunkhongo. Ubongo ukavulala, diso likhoza kukhala langwiro koma mwana osazindikira chimene akuyang'ana. Achipatala amalitcha vutoli CVI, chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza vuto la kuona lochokera mu ubongo. Limabwera mwana akabanika pobadwa, akabadwa masiku asanakwane, akadwala malungo a mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi, madzi akachuluka m'mutu, kapena akavulala mutu. M'mayiko olemera ndi limene likutsogola pa zinthu zolepheretsa ana kuona. Kwathu kuno ana ambiri otere amangotchedwa ozerezeka kapena amwano.

Taganizani mwaima pa depoti ya Mzuzu m'mawa, oitanira onse akukuwa nthawi imodzi, wina Karonga, wina Nkhata Bay, wina Mzimba, ma injini akulira. Makutu anu ndi abwino, koma wina akakuuzani nkhani simutolapo kanthu. Umu ndi mmene mwana wa CVI amaonera pamene zinthu zachuluka patsogolo pake. Zonse zimene ndilembe m'munsimu zagona pamenepa: kuchepetsa phokoso la m'maso, ndi kumupatsa nthawi.

Yambani ndi kuchipatala

Musayambe zoyeserera pakhomo mwana asanayezedwe. Pitani ku chipatala chaching'ono chakufupi, monga ku Mapale, mukapemphe kalata yopita ku dipatimenti ya maso ku Mzuzu Central. Tili ndi mwayi kuno chifukwa yunivesite ya Mzuzu yakhala ikuphunzitsa oyeza maso kuyambira 2008, choncho anthu odziwa ntchitoyi tili nawo pafupi. Nkhani ikakula, monga pakafunika opaleshoni ya mwana, amatha kukutumizani ku chipatala cha maso cha Lions ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Tengani buku la kuchipatala, ngakhale lakale long'ambika, chifukwa mbiri ya kubadwa ndi ya matenda ili mmenemo. Nenani zonse: ngati mwana anachedwa kulira atabadwa, ngati anagonekedwa ku nasale, ngati anakomokapo kapena amagwa khunyu, ndi mankhwala amene akumwa. Mwina amuthira mankhwala okulitsa kamwanadiso kuti aone mkati bwino. Amaluma pang'ono, ndipo mwana amaona mwachimbuuzi ndi kudana ndi dzuwa kwa maola angapo, nthawi zina mpaka mawa lake, choncho mutengereni chipewa.

Akakuuzani kuti maso ali bwino, musangothokoza n'kunyamuka. Funsani mwaulemu kuti, “Adokotala, nanga n'kutheka kuti vuto lili mu ubongo osati m'maso?” Kenako fotokozani zimene mumaona pakhomo. M'chipinda choyezera muli bata, mulibe zambiri, ndipo mwana akhoza kuchita bwino mmenemo kuposa pamsika. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani kavidiyo mwana akudya kapena akutsika pakhonde, mukaonetse. Kavidiyo ka mphindi imodzi kamafotokoza zimene pakamwa pangalephere.

Zina sizidikira n'komwe. Mukaona choyera pakati pa diso la mwana, thamangani sabata yomweyo, chifukwa ikhoza kukhala ng'ala kapena khansa ya m'diso. Mwana wa miyezi 3 amene satsatira nkhope yanu ndi maso, kapena wopitirira miyezi 6 amene diso limodzi limathawira kumbali, akaonedwenso. Ndipo chonde, m'diso la mwana musathiremo mkaka wa m'mawere, madzi a masamba kapena chilichonse chimene wina wakuuzani kuti chinathandiza wake.

Muphunzireni mwana wanu

Ana a CVI safanana. Katswiri wina wa ku America, Christine Roman-Lantzy, anandandalika zizindikiro 10 zimene zimaoneka mwa ana otere, koma palibe pepala limene lingakuuzeni za mwana wanu kuposa maso anu. Gulani kope lapadera, muzilembamo zimene mwaona. Kodi ndi mtundu uti umene umamukopa? Ambiri amakopeka ndi chofiira kapena chachikasu. Kodi amaona bwino chinthu chikakhala kumanja, kumanzere, m'mwamba kapena pansi? Kodi chikamayenda ndi pamene amachiona? Kodi amayang'anitsitsa babu kapena kuwala kwa pawindo? Ndi nthawi iti ya tsiku imene maso ake amagwira bwino ntchito?

Kope lathu linationetsa kuti mtsikana wanga amaona bwino zinthu za kumanzere, kuti chachikasu ndiye chake, ndiponso kuti zinthu za pansi kufupi ndi mapazi saziona. Tinaonanso kuti akatopa, akatentha thupi kapena pakakhala alendo, kuona kumatsika kwambiri. Ichi n'chimene chimasokoneza achibale. Dzulo watola batani pamkeka, lero akulephera kupeza nsapato zake. Apongozi anga ankati, “Mwana uyu amaona, akungofuna kunyengereredwa.” Sanali kunena mwankhanza, anali kunena zimene aona. Kuona kwa ana amenewa kumakwera ndi kutsika, ndipo ndi khalidwe la matendawa, si chinyengo cha mwana.

Chinthu chimodzi, pamalo opanda zambiri, ndipo mudikire

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Sankhani chinthu chimodzi cha mtundu umodzi chimene mwana amachigwiritsa ntchito tsiku lililonse, monga kapu yake. Ikhale yofiira kapena yachikasu yokhayokha, yopanda maluwa kapena zithunzi. Kumbuyo kwake kukhale kwakuda bii. Ine ndinagula nsalu yakuda mita imodzi ku msika, ndipo nsalu imeneyo yagwira ntchito kuposa chidole chilichonse. Zitenje zathu ndi zokongola koma kwa mwana wa CVI ndi chisokonezo chokhachokha: supuni ikagwera pa chitenje cha maluwa, kwa iye yasowa. Mukamamuphunzitsa, phimbani miyendo yanu ndi nsalu yakudayo, kapena valani chovala cha mtundu umodzi.

Mukhazikeni bwino kaye. Mwana amene akulimbana ndi kudzutsa khosi alibe mphamvu yotsala yoyang'anira, choncho mutsamiritseni pa inu kapena pakona ndi mapilo. A mafizo angakuonetseni kakhazikidwe koyenera mwana wanu. Zimitsani wailesi. Ana ena awiri atatu apite kaye panja. Kwezani kapu ija kumbali imene amaona bwino, pafupi, mtunda wa mkono wake, ndipo muigwedeze pang'onopang'ono. Kenako khalani chete.

Kukhala chete kumeneku ndi kovuta kuposa mmene mukuganizira. Pakamwa pamayabwa kuti munene kuti, “Taona kapu, iyi apa, tayang'ana.” Musanene. Ambiri mwa ana amenewa sangamvetsere ndi kuyang'ana nthawi imodzi, ndipo mawu anu amalanda malo a maso. Werengani mumtima mpaka 20. Mwana wanga ankayamba waima nji, maso ali kudenga. Kenako mutu unkatembenuka pang'ono, diso n'kugunda kapu kamphindi kochepa, n'kuthawanso. Atayang'ana kumbali m'pamene dzanja linkatuluka kukaigwira. Kuyang'ana kaye, kutembenuka, kenako kugwira: kumeneko ndi kuona ndithu, ndipo musamukakamize kuti ayang'ane uku akugwira. Zimenezo zimabwera pambuyo. Akaigwira, ndiye lankhulani, mutchule dzina la chinthucho ndi kumuyamikira.

Musasinthe kapu ija msanga. Ife akuluakulu timaganiza kuti mwana amatopa ndi chinthu chimodzimodzi, koma ubongo wa mwana wa CVI umaona bwino chimene wachizolowera, ndipo chatsopano ndi chimene chimamusowa. Akaidziwa bwino kapu, onjezerani chinthu china cha mtundu womwewo, monga mbale. Kenako chinthu cha mitundu iwiri. Kenako muike kapu pakati pa zinthu zina ziwiri kuti aisankhe. Mukaona kuti wayamba kutembenuza mutu, kuyasamula, kutseka maso kapena kulira, mwafulumira. Bwererani pamene munali.

Simufunika kugula zodula. Chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, chotsuka bwino, chimaoneka patali. Pepala lonyezimira la mkati mwa paketi ya bisiketi limakopa maso chifukwa likamanyezimira limaoneka ngati likuyenda. Magetsi akazima, walitsani tochi pa chinthucho kuchokera kumbuyo kwa mwana, osati m'maso mwake, ndipo mudzaona kuti mumdima, pamene zina zonse zabisika, amaona bwino. Ngati amakonda kuyang'anitsitsa babu, mukhazikeni mofulatira kuwala. Kwa mwana wa khunyu pewani nyali zothwanima.

Ndipo musapatule ola lapadera loti ndi la maphunziro a maso. Simudzakwanitsa, muli ndi madzi otunga, geni ndi ana ena. Lowetsani zimenezi m'zochita za tsiku: posamba, povala, pakudya. Mphindi zochepa kangapo patsiku zimaposa ola lathunthu la misozi.

Pa chakudya

Nsima ndi yoyera, ndipo mbale zambiri m'nyumba zathu ndi zoyera kapena zamaluwa. Mwana wanga ankangopapasa m'mbale, ndiwo n'kutayika. Tinamugulira mbale yapulasitiki ya buluu wakuda ya nsima, ndi kabakuli kachikasu ka ndiwo. Mbale imakhala pamalo amodzimodzi masiku onse, kabakuli kumanzere kwake, kapu kutsogolo. Kudyera mbale imodzi ndi ana anzake kunali kovuta chifukwa manja ambiri akamalowa ndi kutuluka iye ankangosiya kudya. Amadya pamodzi ndi anzake pamkeka womwewo, koma m'mbale yake. Agogo ake poyamba sanakondwe, ankati tikumuphunzitsa umbombo. Ataona kuti mwana wayamba kumaliza chakudya yekha, iwo omwe ndi amene amakumbutsa ena kuti, “Mbale ya mdzukulu wanga musaisunthe.”

Kuyenda panja

Mzuzu ndi wa zitunda, ngalande ndi tinjira toterera, ndipo mwana wosaona za pansi amavutika. Dokotala wa maso wa ku Glasgow, Gordon Dutton, anafotokoza bwino za ana amene saona mbali ya m'munsi, amene amaima pamene simenti yathera n'kuyamba dothi chifukwa sakudziwa ngati ndi dzenje kapena ayi. Mwana akaima chonchi n'kumafufuza ndi phazi, musamukoke. Muuzeni mwachidule kuti, “Ndi pafulati,” kapena, “Tsika kamodzi.” Pakani penti yachikasu m'mphepete mwa masitepe a pakhonde ndi pakhomo la chimbudzi. M'nyumba, mipando isamasunthesunthe, ndipo pansi pasamakhale nsapato ndi mabeseni.

Panjira mulole agwire chigongono kapena chitenje chanu, inu muli patsogolo pang'ono, kuti azimva thupi lanu likamatsika kapena kukwera. M'miyezi ya June ndi July kukachita chifunga ndi kamvula kowaza, zinthu zonse zimaoneka zotuwa, ndipo m'mawa wotere ndimamuperekeza mpaka pakhomo la kalasi. Njinga za kabaza ndi zamoto zimamutulukira mwadzidzidzi, choncho kuwoloka msewu yekha sitinayambe. Ku msika waukulu pitani naye m'mawa kusanadzaze, ndipo akayamba kulira kapena kukakamira, sikuti wachita mwano, mutu wadzaza. Mutulutseni pamalo a bata kwa kanthawi.

Nkhope nazonso zimavuta ana ena. Aliyense pakhomo azizitchula akamafika: “Ndine aunt ako,” “Ndine ababa.” Ine ndikamapita kukamutenga kusukulu ndimavala duku lachikasu lomwelomwelo ndipo ndimaima pamtengo womwewo. Alendo muwauze pasadakhale kuti mwana akapanda kuwayang'ana m'maso pomupatsa moni, asakhumudwe. Akumvetsera.

Magalasi ndi kuphimba diso

Ana ambiri a CVI amakhalanso ndi vuto la m'maso lenilenilo, ndipo magalasi amathandiza ubongo kulandira chithunzi chomveka. Zoti magalasi amaononga maso a mwana ndi bodza. Mangirirani kalamba kumbuyo kuti asagwe, ndipo muzitsuka ndi madzi ndi sopo pang'ono, osati kupukuta ndi malaya a fumbi.

Ngati diso limodzi ndi lofooka chifukwa ubongo unazolowera kugwiritsa ntchito linzake, dokotala angakuuzeni kuti muziphimba diso lamphamvulo kuti lofooka ligwire ntchito. Njirayi ndi yotsimikizika, ndipo imagwira bwino kwambiri mwana asanafike zaka 7, ngakhale okulirapo ena amathandizikabe. Kafukufuku wa ku America wa 2003 anapeza kuti pa kufooka kwapakatikati, maola 2 patsiku amathandiza mofanana ndi maola 6. Koma maola a mwana wanu anene ndi dokotala, ndipo muzibwerera pa tsiku limene akupatsani, chifukwa kuphimba mopitirira muyeso kumafooketsa diso labwino lija. Osayamba nokha chifukwa mwaona mwana wa aneba ataphimbidwa.

Masiku oyamba mwana amakana, ndipo m'pomveka, mwamutsekera diso limene amadalira. Zomatira zapakhungu zimadula ndipo sizipezeka nthawi zonse. Wanga naye anafunika kuphimba diso, ndipo telala wa pafupi nafe anatisokera kansalu kokhuthala kolowetsa pa galasi, kokhala ndi phiko lotseka m'mbali kuti asasuzumire. Tinkaphimba akangomwa phala, nthawi imene ali ndi mphamvu, n'kumupatsa ntchito ya pafupi: kusankha nyemba zofiira pa lichero loyalidwa nsalu yakuda, kapena kulowetsa zitsekerero za mabotolo zoboola pa chingwe. Mwana amene amaikabe zinthu m'kamwa musamupatse nyemba. Diso likaphimbidwa asathamange panja, chifukwa sangayeze bwino kutalika kwa zinthu. Kwa amene akaniratu, pali mankhwala a m'maso otchedwa atropine amene dokotala angalembe m'malo mwa kuphimba.

Pa intaneti mudzakumana ndi otsatsa masewera a maso, magalasi amitundu ndi mapulogalamu a pafoni amene amati amachiza chilichonse, ngakhale kulephera kuwerenga. Ndalama yanu isapite kumeneko. Masewera a maso amathandizadi pa vuto limodzi lodziwika, pamene maso awiri akulephera kukumana bwino poyang'ana chapafupi, mwana n'kumaona zilembo ziwiriziwiri ndi kumva mutu powerenga, ndipo woyeza maso ndi amene angatsimikize zimenezo. Koma kuzungulitsa maso sikuchiza ubongo wovulala. Mabungwe a madokotala a ana ndi a maso ku America ananena poyera mu 2009 kuti masewera otere sachiza vuto la kuwerenga.

Kusukulu

Pitani nokha mukakumane ndi aphunzitsi sabata yoyamba, kalata ya kuchipatala ili m'manja. Makalasi athu ndi odzaza, ndiye musapite ndi mndandanda wautali. Pemphani zinthu zochepa zotheka. Mwana akhale kutsogolo, pamalo poti bolodi likhale ku mbali imene amaona bwino, ndipo asayang'anizane ndi windo. Aphunzitsi azimutchula dzina asanamufunse, ndi kumudikira. Azinena mokweza zimene akulemba pa bolodi. Ine ndinawauza kuti, “Madamu, akayang'ana pansi pamene mukuphunzitsa, ndiye kuti akumva. Musamukalipire.” Anandimvetsa.

Tsamba la buku la sitandade 1 lili ndi zithunzi ndi mawu ambiri. Dulani kawindo pa katoni kuti pazioneka mzere umodzi kapena liwu limodzi. Pakhomo mulembereni ndi cholembera chakuda chokhuthala, zilembo zikuluzikulu zotalikirana, mawu ochepa patsamba. Kwa ana ena kukula kwa zilembo si nkhani, nkhani ndi kuthithikana. Funsani kwa ahedi kapena ku ofesi ya maphunziro za mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera, amene ambiri anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Ku Ekwendeni kuli malo ophunzitsira ana a vuto la kuona, ndipo kwa mwana amene alinso ndi vuto la kuyenda kapena kulankhula, a St John of God konkuno ku Mzuzu amagwira ntchito ndi ana olumala ndi makolo awo. Mwana akamayandikira sitandade 8, sukulu idziwitse a MANEB nthawi yolembetsa kuti amukonzere mapepala oyenera.

Ana ambiri a CVI kuona kwawo kumapita patsogolo akamakula, ena kwambiri, ena pang'ono, ndipo ena amene anasiya kuona atadwala malungo a mu ubongo amayambanso kuona pakapita masabata kapena miyezi. Palibe angakulonjezeni pamene mwana wanu adzafike. Ngati akumwa mankhwala a khunyu monga phenobarbitone ndipo mukuona kuti amamugonetsa mpaka maso osagwira ntchito, musawasiye nokha, kanenani kuchipatala kuti aone muyeso. Bwererani msanga ngati kuona kwatsika mwadzidzidzi osabwereranso, ngati diso layamba kuthawira kumbali pamene kale silinkatero, ngati akusanza ndi kudandaula mutu, kapena ngati mutu wa khanda ukukula mofulumira. Popita tengani kope lanu lija pamodzi ndi buku la kuchipatala, ndipo pemphani kuti zimene apeza azilembe momveka, chifukwa kalata yomweyo ndi imene mudzaonetse kusukulu chaka chamawa.